TI-84 ikukana cosh ya nambala ya complex: vuto lili pati?

Wowerenga wina amene akuphunzira uinjiniya wa magetsi wafunsa motere: "Ndili ndi TI-84 Plus. Pa phunziro la mawaya aatali onyamula magetsi tikufunika kupeza cosh ndi sinh ya γl (γ ndi nambala yosonyeza mmene magetsi amafookera ndi kusinthira akamayenda m'waya, l ndi kutalika kwa wayayo), ndipo pa funso lomwe ndapatsidwa γl = 0.03 + 0.42i. Ndikalemba cosh(0.03+0.42i) kakyuleta ikungoti ERR:DATA TYPE, chonsecho ndasankha kale a+bi pa MODE. Nditatsata fomula ya m'buku ndinapeza 1.0004 + 0.0002i, koma mnzanga amene ali ndi TI-89 anapeza 0.9135 + 0.0122i. Ine ndikuona ngati langa ndilo lolondola, paja cosh sitsika pansi pa 1. Kodi kakyuleta yanga yawonongeka? Nanga walakwa ndani?"

Zikomo chifukwa cholemba manambala onse monga munawapezera, chifukwa andionetsa pamene pagona vuto. Kakyuleta yanu ili bwinobwino. Yankho lolondola ndi la mnzanuyo, ndipo lanulo latuluka chonchi chifukwa kakyuleta inali pa Degree pamene mumawerengera. Koma musangosintha MODE n'kupitirira, chifukwa m'funso lanuli muli zinthu zingapo zimene zidzakupezaninso pa mayeso ngakhalenso pa ntchito.

Za ERR:DATA TYPE sizitenga nthawi. TI-83 ndi TI-84 zimadziwa kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa manambala a complex. Zimawalandiranso mu e^(, mu ln( ndi mu √(. Koma sin, cos, tan, sinh, cosh ndi tanh zinapangidwa kuti zizilandira manambala enieni okha, opanda i. Kusankha a+bi sikusintha zimenezi. Ntchito ya a+bi ndi kuloleza kuti yankho la complex lituluke, mwachitsanzo √(-1) ipereke i m'malo mwa ERR:NONREAL ANS. Ndi mmene opanga anaikonzera basi. TI-89, TI-Nspire ndi HP 50g zimalandira cosh ya nambala ya complex mwachindunji, ndipo ngakhale HP-15C ya mu 1982 inkatha kutero. Sindikukuuzani kuti mukagule ina. Zimene zili m'kakyuleta yanuyo n'zokwanira, ndipo munthu amene waphunzira kuzungulira njira pa TI-84 amayamba kumvetsa zimene kakyuleta za anzake zimangomuchitira mwakachetechete.

Tiyambire pa tanthauzo lenileni. cosh z = (e^z + e^(−z))/2, ndipo sinh z = (e^z − e^(−z))/2. Tanthauzoli silisamala kuti z ndi nambala yeniyeni kapena ya complex. Ndiye njira yachidule kwambiri ndi iyi: lembani 0.03+0.42i, dinani STO→, sungani mu Z, kenaka lembani (e^(Z)+e^(-Z))/2. Kakyuleta sikana, chifukwa e^( imalandira complex. Samalani ndi mabatani awiri. Chizindikiro cha kutsogolo kwa Z mu e^(-Z) chichokere pa batani la (-) lomwe lili m'munsi pafupi ndi ENTER, osati batani lochotsera. Ndipo i achokere pa 2nd ndi batani la dontho. Mukalemba I wamkulu wa pa ALPHA, kakyuleta imamutenga ngati malo osungira nambala, ndipo ngati mulibe kanthu mmenemo imawerenga 0. Gawo lonse la i limangosowa popanda chenjezo lililonse. M'mabuku a magetsi mumalembedwa j poopa kusokoneza ndi i wa current, koma kakyuleta imadziwa i yekha.

Fomula ya m'buku mwanuyo imachokera pomwepa. Euler anasindikiza mu 1748 kuti e^(iy) = cos y + i sin y. Ndiye ngati z = x + iy, e^z imakhala e^x(cos y + i sin y), pomwe e^(−z) imakhala e^(−x)(cos y − i sin y). Phatikizani ziwirizi n'kugawa ndi 2. Mbali ya cos y imatenga (e^x + e^(−x))/2, yemwe ndi cosh x, ndipo mbali ya i sin y imatenga (e^x − e^(−x))/2, yemwe ndi sinh x. Zotsatira zake:

cosh(x + iy) = cosh x · cos y + i · sinh x · sin y

sinh(x + iy) = sinh x · cos y + i · cosh x · sin y

Ndikukupemphani kuti muzitsike nokha papepala kamodzi, mizere yake ndi inayi yokha. Mukatero simudzafunikanso kuloweza kuti sinh amakhala mbali iti.

Tsopano onani chimene chinachitika kwa inu. Fomula ya Euler imagwira ntchito pokhapokha y ali mu radian. Nambala 0.42 ija ndi ma radian 0.42, omwe ndi madigiri 24 ndi pang'ono. Kakyuleta ikakhala pa Degree imawerenga cos(0.42) ngati cos ya kangodya kosakwana theka la digiri imodzi, n'kupereka 0.99997. Mukachulukitsa ndi cosh 0.03, yemwe ndi 1.00045, mumapeza 1.0004 wanu uja. Pa Radian, cos 0.42 = 0.91309 ndipo sin 0.42 = 0.40776. Pamenepo gawo lenileni ndi 1.00045 × 0.91309 = 0.9135, ndipo gawo la i ndi 0.0300045 × 0.40776 = 0.0122. Ndi yankho la mnzanu lija. Sinh yake ndi 0.0274 + 0.4079i. Dziwani kuti cosh( ndi sinh( za nambala yeniyeni sizikhudzidwa ndi MODE ya ngodya, n'chifukwa chake theka la kuwerengera kwanu linali lolondola ndipo yankho linkaoneka ngati lanzeru. Buku la malangizo a TI-84 limachenjezanso kuti pa Degree mgwirizano wa e^(iθ) ndi cos θ + i sin θ sukhala woona, ndiye ngakhale njira ya e^( ija muziichita pa Radian.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. ERR:DATA TYPE sindiiopa, chifukwa imakuimitsani n'kukuuzani kuti pali vuto. Chimene ndimaopa ndi 1.0004 + 0.0002i, yankho looneka laulemu limene munthu amalilemba n'kumapitirira nalo mpaka kumapeto kwa funso. Munalikhulupirira chifukwa munaphunzira kuti cosh sitsika pansi pa 1. Zimenezo n'zoona pa manambala enieni okha. Ikani x = 0 mu fomula ija, mupeza cosh(iy) = cos y. Mukamayenda motsata i, cosh amasanduka cos, amakwera ndi kutsika pakati pa −1 ndi 1, amafika pa 0 pamene y = π/2, ndipo amabwerera pomwe anayambira y ikakula ndi 2π. Chimodzimodzi sinh(iy) = i sin y. Pa manambala a complex, cosh ndi cos ndi chinthu chimodzi choyang'anidwa kuchokera mbali ziwiri.

Ndipo kutsika pansi pa 1 kumeneku ndiko phunziro lenileni la funso lanu. Pa waya wautali, voteji ya kumene magetsi akuchokera imapezeka motere: Vs = Vr · cosh(γl) + Ir · Zc · sinh(γl), pomwe Vr ndi Ir ndi voteji ndi current za kumapeto kwa waya, ndipo Zc ndi characteristic impedance ya wayayo. Ngati kumapeto kwa wayayo sikunalumikizidwe kanthu, Ir ndi 0, ndiye Vr = Vs / cosh(γl). Kukula kwa 0.9135 + 0.0122i ndi 0.9136, ndipo 1 kugawa ndi 0.9136 ndi 1.0946. Kutanthauza kuti voteji ya kumapeto imaposa ya koyambira ndi pafupifupi 9.5 pa 100 aliwonse. Ichi ndi chimene mainjiniya amachitcha Ferranti effect, ndipo ndi chifukwa chake pa mawaya aatali amaikapo ma shunt reactor, zida zotsitsa voteji yokwerayo. Yankho lanu la 1.0004 likunena kuti voteji sikusintha n'komwe, ngati kuti wayayo ndi wamfupi. Nambala 0.42 ija sinangochokera m'mutu mwa aphunzitsi: pa magetsi a 50 Hz oyenda m'mawaya a m'mwamba, gawo la i la γ limakhala pafupifupi ma radian 0.00105 pa kilomita, ndiye 0.42 ikuimira waya wa makilomita pafupifupi 400. Mukadziwa zimenezi mumatha kuyerekeza yankho musanadine batani. Kuwerengera kumeneku kunali kofunika kwambiri kwa mainjiniya akale moti Arthur Kennelly wa ku Harvard anasindikiza matebulo athunthu a cosh ndi sinh za complex mu 1914, kuti anthu asamavutike kuzipeza pamanja.

Mwina wina akuuzani kuti muziyesa yankho lanu ndi cosh²z − sinh²z = 1, kapena monga amalembera pa za mawaya, AD − BC = 1, pomwe A ndi D ndi cosh(γl), B ndi Zc · sinh(γl), ndipo C ndi sinh(γl)/Zc. Ndi yeso labwino pogwira zolakwika za kalembedwe, monga kusinthanitsa sinh ndi cosh kapena kuiwala i. Koma vuto lanuli silingagwidwe nalo. Mukatambasula, mupeza kuti zonse zimatsamira pa cos²y + sin²y = 1, ndipo zimenezi n'zoona kaya kakyuleta yatenga y ngati madigiri kapena ma radian. Mayankho olakwika a pa Degree amadutsa yesoli bwinobwino. Yeso logwira MODE ndi lina: werengani cosh ya iπ ndi fomula ya m'buku ija. Muyenera kupeza −1. Mukapeza 0.9985, kakyuleta ili pa Degree. Ine ndimachita yeso limeneli nthawi iliyonse ndisanayambe kuwerengera za complex, makamaka ngati kakyuleta inali m'manja mwa munthu wina.

Popeza pa phunziro lanu mudzawerenga zimenezi kambirimbiri, lembani kapulogalamu kamodzi. Dinani PRGM, sankhani NEW, kapatseni dzina, n'kulemba izi:

Radian
a+bi
Prompt Z
real(Z)→A
imag(Z)→B
cosh(A)cos(B)+isinh(A)sin(B)→C
sinh(A)cos(B)+icosh(A)sin(B)→S
Disp C,S

Radian ndi a+bi muzitenge pa MODE pamene muli mkati molemba pulogalamu. real( ndi imag( zili pa MATH, pansi pa CPX, pomwe makakyuleta atsopano amalemba CMPLX. cosh( ndi sinh( zilibe mabatani awoawo, zimapezeka mu CATALOG, pa 2nd ndi 0. Musazilembe chilembo chimodzichimodzi ndi ALPHA, kakyuleta sizizindikira. Ndasankha A ndi B dala m'malo mwa X ndi Y, chifukwa kakyuleta imalemba manambala ake mu X ndi Y ikamajambula galafu. Pulogalamu ikatha, mayankho amatsala mu C ndi S, ndiye mutha kulemba fomula ya Vs mowagwiritsa ntchito osakoperanso manambala pamanja. Kumbukirani kuti ikusiyani pa Radian.

Iyeseni ndi Z = 1 + 2i. Muyenera kupeza cosh = −0.6421 + 1.0686i ndi sinh = −0.4891 + 1.4031i. Mukagawa S ndi C mupeza tanh = 1.1667 − 0.2435i. Onani kuti gawo lenileni la tanh laposa 1, chinthu chimene sichichitika pa manambala enieni. Ngati manambala akutalika mpaka kusefukira pa sikirini, sinthani Float pa MODE muike 4. Izi zimangosintha zooneka, mkati kakyuleta imasungabe manambala onse.

Nthawi zambiri γ mudzaipeza kuchokera ku √(zy), pomwe z ndi y pano ndi impedance ndi admittance za waya pa kilomita, ndipo mabuku amakonda kuilemba monga kukula ndi ngodya ya madigiri, mwachitsanzo γl wathu uja amakhala 0.421∠85.9°. Apa ndi pamene anthu amakopeka kubwerera ku Degree. Musabwerere. Khalani pa Radian n'kulemba 0.421e^(i·85.9π/180). Mukafuna ngodya ya yankho m'madigiri, lembani angle(C)·180/π. Kuli bwino kutembenuza ngodya polowa ndi potuluka kusiyana ndi kumasinthasintha MODE pakati pa funso, chifukwa tsiku lina mudzaiwala.

Chinthu china chimene simunafunse koma chikubwera ndi kubwerera m'mbuyo: mwapatsidwa A wa waya, yemwe ndi cosh(γl), mukufuna γl. cosh⁻¹( ya pa TI-84 nayonso imakana complex, ndiye timadzera ku ln. Mabuku ambiri a masamu amalemba cosh⁻¹w = ln(w + √(w² − 1)), ndipo ndi yolondola pa manambala enieni oyambira pa 1 kupita m'mwamba. Pa complex imatha kukupatsani yankho la chizindikiro chosiyana. Yesani ndi C wa chitsanzo chathu, −0.6421 + 1.0686i. Tikudziwa kuti anachokera ku 1 + 2i, koma ln(C+√(C²−1)) ikupatsani −1 − 2i. Kakyuleta sinaname, chifukwa cosh(−z) ndi cosh(z) n'zofanana. Koma pa waya wa magetsi, gawo lenileni la γ likakhala pansi pa 0 ndiye kuti mphamvu ikuwonjezekera m'njira m'malo motayika, zomwe sizingatheke. Chimayambitsa ndi chakuti √( nthawi zonse imasankha muzu umene gawo lake lenileni silili pansi pa 0. Muzu womwe timafuna unali −0.4891 + 1.4031i, koma kakyuleta inatenga 0.4891 − 1.4031i. Kalembedwe kotetezeka ndi kogawa muzuwo pawiri:

cosh⁻¹w = ln(w + √(w + 1) · √(w − 1))

Ndi kameneka mupeza 1 + 2i. Papepala zimaoneka ngati √(w + 1) · √(w − 1) ndi √(w² − 1) ndi chimodzi, koma pa complex sizili choncho nthawi zonse. Tengani w = −2: yoyambayo ndi i kuchulukitsa ndi 1.732i, zomwe ndi −1.732, pomwe yachiwiriyo ndi +1.732. William Kahan, amene anagwira nawo ntchito yokonza masamu a m'makakyuleta a HP, analemba mozama za misampha yotereyi mu 1987. Zinazo zilibe msampha womwewu: sinh⁻¹w = ln(w + √(w² + 1)), ndipo tanh⁻¹w = (ln(1 + w) − ln(1 − w))/2.

Ngakhale ndi kalembedwe kabwinoko, ln imapereka gawo la i lokhala pakati pa −π ndi π basi. Mukayamba ndi 1 + 4i, n'kupeza cosh yake, n'kubwerera, mudzalandira 1 − 2.2832i, chifukwa 4 − 2π = −2.2832. Onse awiri ali ndi cosh imodzi. Pa mawaya a magetsi a 50 Hz izi sizikuvutitsani, popeza kuti gawo la i la γl lifike pa π pamafunika makilomita pafupifupi 3,000. Koma mukadzafika pa ma frequency apamwamba a mawailesi, pamene chingwe cha mamita ochepa chimakhala ndi mafunde angapo, mudzayenera kuwonjezera 2π kangapo nokha malinga ndi kutalika kwa chingwecho. Kakyuleta singadziwe zimenezo.

Pa manambala aakulu kwambiri ndi aang'ono kwambiri pali malire awiri oti muwadziwe. TI-84 sifika pa 10^100, ndiye e^x imapereka ERR:OVERFLOW x ikapitirira pang'ono 230. Mukamapeza tanh pogawa sinh ndi cosh, zonse ziwiri zimasefukira ngakhale kuti tanh yeniyeniyo ili pafupi ndi 1. Ngati x ndi wamkulu, lembani (1 − e^(−2z))/(1 + e^(−2z)). Kumbali inayo, kakyuleta imasunga manambala 14 mkati. Z akakhala wamng'ono ngati 10^(−10), e^z ndi e^(−z) zimafanana pafupifupi m'malo onse, ndipo mukazichotserana pamatsala manambala odalirika atatu kapena anayi okha. Pamenepo z + z³/6 imapereka sinh yolondola kuposa njira ya e^(. Pa mafunso a m'kalasi simukumana nazo kawirikawiri, koma mukaona yankho likutha ndi manambala achilendo mudziwe kochokera.

Pomaliza, poti kakyuleta yanu ndi yojambula magalafu, igwiritseni ntchito kuti muone zimene takambiranazi ndi maso. Y= wamba sajambula manambala a complex, koma fomula yathu yagawa kale cosh m'magawo awiri enieni, ndiye parametric ikwanira. Pa MODE sankhani Par. Lembani X1T = cosh(A)cos(T) ndi Y1T = sinh(A)sin(T). Sungani 1 mu A, ikani T kuchokera pa 0 mpaka 2π, kenaka sankhani ZSquare pa ZOOM kuti chithunzi chisapindike. Mudzaona ellipse, chozungulira chonga dzira, chofika pa 1.543 m'mbali ndi 1.175 m'mwamba. Ndi njira imene cosh(1 + iT) amayenda T akamakula, ndipo akafika pa 2π amabwerera pomwe anayambira. Sinthani A akhale 0.5, kenaka 0.2. Dzira lija likuphwatalala, koma ma focus ake awiri sasuntha pa −1 ndi 1, chifukwa cosh²A − sinh²A ndi 1 nthawi zonse. A akafika pa 0 limasanduka kamzere kochokera pa −1 kukafika pa 1, komwe ndi cos T chabe. Mukatembenuza, n'kulemba cosh(T)cos(B) ndi sinh(T)sin(B), B wosasintha, mupeza nthambi ya hyperbola yokhala ndi ma focus omwewo, yodutsa ma ellipse aja mopingasa ndendende.

Kenaka sungani 0.03 mu A, mubwerere ku ellipse ija. Pa WINDOW ikani Xmin −1.2, Xmax 1.2, Ymin −0.05 ndi Ymax 0.05, chifukwa ellipse yake ndi yopyapyala kwambiri moti pa windo wamba ingaoneke ngati mzere. Dinani TRACE, lembani 0.42, dinani ENTER. M'munsi mwa sikirini muwerenga X = 0.9135 ndi Y = 0.0122. Mukamasuntha kadonthoko kuchokera pa T = 0, ndiye kuti mukuyang'ana mawaya otalikirapotalikirapo a mtundu umodzi wotayira mphamvu yofanana, ndipo muona X akutsika kuchoka pa 1.00045 kulowera ku 0, komwe amafika T akakwana π/2.